Chitini cha a Filipo osita zovala

Zoti a Filipo a pa Chitakale amaweta anthu m'chitini cha mkaka ndi bodza. Zoti anthuwo amakawalimira munda ali m'tulo, nalonso ndi bodza. Pitani mukauone mundawo, ndi thengo lokhalokha, ngakhale mbuzi imaulambalala. Ndipo amene akufalitsa zimenezi ndi omwewo amene Loweruka lililonse amaima pakhomo pa ntchito pa a Filipo, thalauza m'khwapa, kupempha mzere wakuthwa. Chitini chokha ndicho chinalipodi. Tsono khalani pansi mumve bwino.

A Filipo ndi bambo wamfupi, wa maso ofiira chifukwa cha utsi wa makala, ndipo ndi amantha chibadwire. Galu akauwa ku Nkando, iwo amatseka chitseko ku Chitakale. Bambo awo anachokera tsidya la Milange, n'kupeza ntchito yosita zovala za bwana wina ku esiteti ya tiyi, choncho a Filipo anakulira pansi pa tebulo lositirapo. Atakula anayesako kuthyola tiyi. Tsiku loyamba lomwelo anaona njoka, dengu analisiya pomwepo, mpaka lero sanakalitenge. Anakwatira a Estele, mayi wamtali wogulitsa nyemba za kalongonda pamsika, wa mawu omveka mpaka pa siteji ya minibasi. Anthu amati amene anafunsira mnzake ndi a Estele, a Filipo anangoopa kukana.

Ntchito anaipeza kwa mayi Agnes, amene ali ndi malo ochapira ndi kusita zovala kuseri kwa mashopu. Kumeneko chovala chikachapidwa n'kuuma, dzanja lomaliza ndi la a Filipo: kusita, kudula ulusi wolendewera, kulimbitsa batani logwedera, kupachika pa hang'ala, kuveka pulasitiki. Magetsi akakhalapo ntchito imayenda yokha. Koma magetsi athuwa mukuwadziwa, amabwera ngati mlendo wothamangira basi. Akathima, a Filipo amakoleza simbi ya makala, ndipo simbi ya makala ilibe potembenuza kuti moto uchepe. Zovala za masiku anonso ndi zachinyengo. Nsalu ina imaoneka ngati thonje, koma ingoigusani ndi simbi, imakhwinyata ngati jumbo pamoto.

Bambo awo anawasiyira nzeru yake. Tembenuza chovala, mkati mwa msoko mumakhala nsalu yotsalira. Dulapo kachidutswa ngati chikhadabo, kaike pa simbi. Kakapirira, sita. Kakasungunuka, dikira moto uzizire.

Vuto linali pa kachidutswako akathana nako. Kukataya kudzala? Ayi ndithu. Ndani kuno sadziwa kuti kansanza ka chovala cha munthu kakagwa m'manja oipa, mwini wake watha? Kukawotcha? A Filipo sakanayerekeza, poti mwini chovala angadzuke ndi matuza thupi lonse. Ndiye ankangokaponya m'chitini, n'kutseka, n'kukankhira pansi pa tebulo. Zaka zinapita, chitini chikudzaza. Ndipo poti munthu wamantha saiwala chimene chikumuopsa, kansanza kalikonse ankakadziwa mwini wake.

Zinaphulika pa chinkhoswe cha Angella, mwana wa mchimwene wawo wa a Alefa, amayi otchuka pa benchi ya tomato. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, diresi lonyezimira litamuthina mwana ngati khungu la soseji. Pakati pa pelekanipelekani, Angella anangoti khu! pansi. A Alefa pomasula zipi kuti mwana apume anaona pamsoko pali pobenthuka.

"Apa si mbewa," anatero a Alefa. "Mbewa siidula molunjika chonchi. Ili ndi lumo. Diresili anasita ndani?"

Angella atam'thira madzi anatsitsimuka n'kupempha mango aawisi. Amayi onse amene analipo anamva tanthauzo la mango aawisi, koma anasankha kuyang'ana diresi.

Lolemba m'mawa msika wonse unali ukutembenuza zovala. Uyu bulauzi, uyu jekete, wina mpaka anavula shati pakati pa msewu. Aliyense amene anasititsako kwa mayi Agnes anapeza pake pobenthuka, ndipo aliyense anakumbukira tsoka lake. Wina nkhuku zinamuthera. Wina msana. A Wilson, tcheyamani wa akabaza a njinga zamoto, anati n'chifukwa chake tayala lawo lakumbuyo limangobooka.

Nthawi imeneyo a Filipo ankasita bulauzi yoyera ya mayi wina wa kutchalitchi, magetsi atathima. Anamva phokoso likuchokera kumsika. Phokoso limenelo ankalidziwa. Chaka chija cha mphekesera za opopa magazi analimva likudutsa mumsewu pambuyo pa munthu wachilendo wonyamula chikwama, iwo atabisala kuseri kwa mashiti. Silikhala ngati la mpira kapena la ukwati. Limakhala ndi mapazi ambiri, mawu ochepa. Lija linadutsa. Ili linakhota, n'kulowa njira ya kuseri kwa mashopu.

"A Filipo, mwachita chiyani?" anafunsa mayi Agnes atasuzumira pawindo.

"Ine mayi? Ndikusita."

"Akutchula dzina lanu. Ndikaitane apolisi."

Mayi Agnes anatulukira khomo lakumbuyo, ndipo tsiku limenelo sanaonekenso, iwo ngakhale apolisi awowo.

Mwala woyamba unagwa padenga la malata. Wachiwiri unaswa galasi. A Filipo sanathe kuthawa. Chimene anakwanitsa ndi kuchotsa simbi pa bulauzi ija n'kuikhazika pamwala pake, chifukwa ngakhale imfa ili pakhomo, ankaopabe kuwotcha chovala cha mwini. Chitseko chinagwa. Manja ambirimbiri anawagwira kolala, lamba, khutu, n'kuwakokera pabwalo. Wina anagubuduza tebulo.

"Pali chitini apa!"

Anachiponya pakati pa bwalo. Chivundikiro chinathawira uko, tinsanza tinamwazika pafumbi, tofiira, tobiriwira, ta maluwa, ta suti, ta yunifolomu ya kwaya.

"Mayo ine! Mudzi wonse uli m'chitini!" analira a Alefa.

A Wilson anabwera kutsogolo ndi botolo la petulo. "Iwe kamunthu iwe, takuyamba chiyani? Timakupatsa zovala kuti usite kapena kuti utidye?"

"Achimwene, ndimayesera moto," anatero a Filipo, mawu akutuluka ngati a mwanapiye.

"Mwamva? Akuvomera yekha! Moto tikuyesera ife lero. Tiyambe ndi tinsanzati, timalize ndi mwini wake. Machesi ali ndi ndani?"

Fungo la petulo linawafika a Filipo m'mphuno. Apa ndi pamene anachita chinthu chimene sanachiganize. Anadzigwetsa chafufumimba pamwamba pa tinsanza tija, manja atatambasula.

"Musawotche! Chonde musawotche! Mupsa nonsenu!"

Gulu lonse linalumphira m'mbuyo. Amene anatulutsa machesi anawabwezera m'thumba mwakachetechete.

"A Wilson, taimani kaye," anatero a Alefa, mawu atatsika. "Ka bulauzi yanga kali momwemo."

"Ka ine kalimonso," anatero wina.

"Nanga ka mwana wanga?" anafunsa mayi wina.

Kenako anthu anapatuka okha, chifukwa a Estele ankabwera, chipande cha kalongonda chili m'manja. Anaima pamutu pa mwamuna wawo, n'kuyang'ana gulu.

"Mfiti imeneyi? Munthu woti mphemvu ikalowa m'nyumba amakwera pabedi n'kuitana ine? Chabwino, mupheni. Koma mukatero, adzakuuzani ndani kuti kanu ndi kati? Mudzatola ka mnzanu, kanu n'kupita ndi mdani wanu. Bambo a kwathu, dzukani, apatseni anthu zinthu zawo."

Sanadzuke. Anangokhala tsonga pafumbipo, n'kuyamba kutola kamodzikamodzi.

"Aka ndi ka a Alefa, bulauzi ya maluwa achikasu. Aka ka aphunzitsi, suti yotuwa. Aka ka Angella."

Anthu anapanga mzere ngati wa kuchigayo. Aliyense ankalandira ndi manja awiri n'kumangirira pangodya ya chitenje kapena kubisa m'sokosi. Koma dzina lililonse limene a Filipo ankatchula molondola linkawonjezera manong'onong'o: "Mwaona? Akutidziwa tonse." A Filipo ankawamva. Ankaonanso kuti mulu ukuchepa, ndipo botolo lija likadali m'manja mwa a Wilson. Tinsanza tikatha, chowatchinjiriza chatha. Anayamba kutola pang'onopang'ono, kupukuta fumbi kalikonse, kukatembenuza kawiri, koma mulu sunasiye kuchepa. Ta anthu amene panalibe anatenga abale awo.

Panatsala kamodzi, kofiira, koterera. Palibe anatambasula dzanja.

"Eya!" anakuwa a Wilson, n'kuwagwira pakhosi. "Aka kalibe mwini chifukwa mwini wake unamudya kale! Tchula dzina! Ndani ameneyu?"

A Filipo anayang'ana kansanzako, anayang'ana botolo, anayang'ana nkhope ya a Wilson. Kutchula kunali koopsa. Kusatchula kunali moto.

"Achimwene, mundikhululukire. Ndi ka diresi lofiira lija munabweretsa inuyo. Munati ndisite bwino, ndikulunge, chifukwa likuwoloka malire pa Muloza."

M'gulumo munamveka mawu a mayi mmodzi, odekha kwambiri. Anali a Millie, akazi awo a a Wilson, amake a Golden.

"Diresi lofiira? Bambo a Golden, ine ndili ndi diresi lofiira?"

A Wilson anasiya khosi la a Filipo. Botolo analiika pansi bwinobwino ngati dzira. Njinga yawo ija yobookabooka tayala, tsiku limenelo inalira ulendo umodzi, a Millie ali pambuyo ndi nsapato m'manja, ndipo gulu lonse linatsatira kukaonera nkhani yatsopano. Pabwalo panatsala a Estele, chitini chopanda kanthu, ndi a Filipo, thalauza litanyowa. Iwo amati ndi madzi owazira zovala. Tiwavomere.

Ntchito sinathe. Mayi Agnes anafuna kuwachotsa, koma maukwati a Loweruka sadikira, ndipo anthu anabwerera okha mmodzimmodzi, maso ali pansi. Kungoti masiku ano a Filipo sadula chovala mwini wake palibe. Umaima pomwepo, iwo adule, ayese pa simbi, akupatse kansanza kako m'manja, ukasunge wekha. Mantha okha sanawachoke. Njinga yamoto ikangoima pakhomo, muwafune kuseri kwa mashiti. Chitini chija a Estele amasungiramo mchere, ndipo chiyambire palibe mnansi anabwerako kudzapempha mchere.

A Filipo ankadula tinsanza poopa kukuwotcherani zovala, ndipo ankatisunga poopa kuti wina angakulodzeni.