Kompyuta ya Tisungane Inkakhala Pamphasa

Tisungane wa ku Tsangano anaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta asanaikhudzepo kompyutayo. Anali ndi kafoni kong'aluka galasi basi. Akaweruka kudimba ankakwera pachulu pomwe netiweki imapezekako, n'kumakopera maphunziro m'kope chilembo ndi chilembo. Tsoka lake, pepala silimuuza munthu akalakwitsa. Ndiye bungwe lina la ku Lilongwe linali litalengeza mayeso olowera maphunziro aulere, ndipo kwa iye mwayi unali womwewo, poti chaka chotsatira zaka zake zikanapyola malire.

Amene anadzipereka ndi bambo ake, a Yoramu. Iwowa unyamata wawo unathera m'migodi ya ku Joni, komwe anabwerako ndi chifuwa chosapola, ndipo ankati ntchito yomvera lamulo osafunsa anaidziwa kalekale. Basi anasanduka kompyuta ya mwana wawo. Ankakhala pamphasa ndi mulu wa mbatatesi, Tisungane n'kumawerenga malamulo amene walemba: tengani ziwiri, yaikulu ikani kumanja, bwerezani. Mkuluyo ankachita zokhazo zimene wauzidwa, ngakhale akuona ndi maso kuti zapotoka. Odutsa m'njira ankaseka, ati ukalamba wawafika kumutu.

Tsiku lina mulu unatha, koma a Yoramu anangopitiriza kutola mphepo n'kumaika kumanja, nkhope ili gwa. Tisungane anapsa mtima, n'kufunsa chimene ankachita.

"Sunandiuze polekera, mwanawe," anatero. "Ine ndileke ndekha?"

Tisungane atayang'ana m'kope muja anapeza kuti pothera sanalembedi. Anachita manyazi, kenako onse awiri anaseka mpaka chifuwa chija chinawatsamwitsa bambowo. Kuyambira tsiku limenelo, asanalembe chilichonse ankayamba wadzifunsa kuti chidzathera pati.

Mayeso analembera paboma pa Ntcheu, pakompyuta yeniyeni. Anzake zala zinkathamanga, iye akusakasaka zilembo ngati nkhuku yotola mapira. Funso lomaliza linali losanja manambala kuyambira yaing'ono. Tisungane anangoona manja a bambo ake pamphasa paja, ndipo mtima unakhala pansi. Analemba pang'onopang'ono, polekera osaiwala. Zotsatira zitatuluka, dzina lake linalipo.

Anakondwa, koma kuwasiya bambo ake ndi chifuwa chija kunamuwawa kwambiri. Iwo anamuuza kuti asawaderere, migodi inawalephera. Tsiku lonyamuka kupita ku Lilongwe anamuperekeza mpaka kumsewu, akupumira m'njira, n'kumukweza palole ya kabichi. Lole itayamba kuyenda anakweza dzanja kumutsazika. Tisungane atacheuka pafupi ndi pokhota anaona dzanja lija likadali m'mwamba, likugwedezeka mofooka. Anaimirira pamatumba a kabichiwo, misozi ili chuchuchu.

"Ababa, lekani tsopano!" anafuula.

A Yoramu anamva ndithu, koma dzanja silinatsike.