Mtedza wa a Tikambenji

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Gidiyoni, ndimamva fungo la mtedza ukupsera pamodzi ndi thumba lake kuseri kwa khola la ng'ombe ku Kanakantapa m'boma la Chongwe, utsi wakuda ukukwawa pansi masana dzuwa lili pamutu, nkhuku zitangoti zii. Chaka chilichonse tikakolola, minibasi inkatsitsa thumba lochokera kwathu ku Katete, kwa mlongo wawo a Tikambenji, ndipo agogo ankalinyamula ndi mitengo iwiri osalikhudza, n'kulithira parafini.

Pabanja pathu amuna ankangogwa. Bambo awo a agogo anagwa akusema mpini, mwana woyamba wa agogowo anagwa pabwalo la mpira, onse osadwala ngakhale mutu. Wamaula analoza a Tikambenji, ndipo n'chifukwa chake agogo anasamutsa banja lonse kubwera kuno ku Chongwe. Anali munthu wa tchalitchi, woimba besi mpaka mabenchi kunjenjemera, koma pankhaniyi Baibulo ankalisiya m'nyumba.

"Imfa siibwera na miyendo," ankatero. "Ibwera mu saka."

Chaka chomwe ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, njala ya mkamwa inandipusitsa. Moto utazilala ndinafukula phulusa n'kudya mtedza wodzaza manja awiri. Patapita masiku atatu, bambo anga aang'ono a Lazaro anagwa m'dimba akuthirira kabichi. Tinawapeza chafufumimba, payipi idakali m'manja, madzi akungoyenda m'mizere ngati palibe chachitika. Agogo anatiimika tonse pabwalo n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Ndani anagwira vija vinthu?"

Ndinabisa manja kumbuyo, osaulula. Ndinakula ndikudziwa kuti ndinapha munthu, komanso kuti imfa yanga ikubwera. Agogowo ndinkawakonda, koma mantha amene anandisiyira sindinawakhululukire mpaka lero.

Yanga inandipeza ndili ndi zaka makumi atatu, pamasitepe a kuntchito ku Lusaka, kungoti ine ndinadzuka. Adokotala anandionetsa mtima wanga pa kanema ukugunda, khoma lake litanenepa kupitirira muyeso. Anati ndi matenda oyenda m'magazi a banja. Mnofu wa mtima wotere umagwira ntchito mopanikizika, ndipo mpweya womwewo umene umatipatsa moyo umasiyamo tizinthu toudya pang'onopang'ono, monga dzimbiri lidyera khasu, mwiniwake osamva kanthu. Atandifunsa za ena amene anagwa, ndinawerenga ndi zala, ndipo ndinakumbukira zomwe kwathu sizinkatchulidwa: a Tikambenji nawonso anaika m'manda mwana wamwamuna, wogwa ali panjinga.

Anandipatsa mankhwala, ndi kalata yoti abale onse akapimidwe. Apa n'kuti agogo ndi mlongo wawo atamwalira kale, osaonananso. Ndinafunafuna nambala ya mdzukulu wa a Tikambenji, bambo amene sindinamuonepo nkhope, ndipo ndinamufotokozera zonse bwinobwino. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ambuya anafa na dzina la ufiti chifukwa cha imwe," anatero motsitsa mawu. "Manje mufuna mitima ya ana anga muichite nayo chani?"

Foni inaduka. Ndayesanso kangapo, sayankha. Kalatayo ndimayenda nayo m'chikwama limodzi ndi mapiritsi anga, yayamba kung'ambika m'mapindo. Bamboyo ali ndi anyamata atatu, ndipo ndamva kuti wamkuluyo amathamanga kwambiri pa mpira.