Mwala Umene Matope Analephera Kuukwirira

Tsiku limene anamuchotsa ku yunivesite, mtsikanayu analibe kwina kolowera koma kwa amalume ake, mmisiri wosema ziliza. Makolo ake onse anali atatsogola kale. Mayeso a kemisitiri anali atamugwetsa kawiri, ndipo anafika ndi kachikwama kamodzi, maso ali psuu.

Amalumewo sanali munthu wodziwa kutonthoza. Anangomupatsira paipi ya madzi n'kumuloza makina ochekera miyala.

"Uzithirira mpeniwo usatenthe. Ukafuna kulira uzilirira pomwepo, madzi onse ndi amodzi."

Zaka zinadutsa ali m'fumbi la miyala. Amisiri anzake ankamuitana "a Pulofesa", osati momulemekeza ayi. Iye ankangoseka nawo, koma Loweruka lililonse ankapita kukaphunziranso kemisitiri yomwe inamugwetsayo. Pomaliza yunivesite inamulandiranso, itamuuza mosapsatira kuti akadzalepheranso, khomo ladzatsekeka mpaka kalekale.

Chaka chomaliza, aphunzitsi ake, mayi wofufuza za pansi pa nyanja zikuluzikulu, anamuikira m'manja kamwala kakuda, kokhakhala ngati mbatata yopserera.

"Aka kanachokera makilomita angapo pansi pa nyanja, kumene dzuwa silinafikeko chilengedwere," anatero. "Ukacheke pakati, ulembe zimene upezemo. Ndili nako kamodzi komweka. Ukakaphwanya, ulibe kafukufuku."

Tsoka silinunkha. Makina ochekera a ku labotale anali atawonongeka, ndipo nthawi yopereka kafukufuku inali itayandikira. Aphunzitsi anamulola kupita nako kwa amalume.

Amalume atakaona anaseka mpaka kutsokomola.

"Kameneka? Ine ndacheka miyala yoti amuna anayi sanyamula. Bweretsa, tithane nako tisanamwe tiyi."

"Pepani amalume, musakakhudze kaye. Kunjaku kakuoneka kolimba, koma m'kati n'kofumbutuka ngati makala. Mpeni ukangokagunda, tisesa ufa."

Mtsikanayo anakaumitsa pang'onopang'ono, n'kukaviika m'guluu wamadzi kuti alowe m'timabowo take tonse. Anadikira masiku kuti agwire. Amalume ankangozungulirazungulira, iye n'kumawakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku locheka, amalume anagwira makina, iye anagwira paipi. Mtima wake unali m'mwamba. Mpeni unalowa mwapang'onopang'ono, madzi akuda bii akuyenderera pansi. Kenaka mwala unagawikana, osasweka.

Onse anangoti kukamwa yasa. M'katimo munali mizere yozungulira, wina pamwamba pa unzake ngati ya m'chitsa cha mtengo, ina yofiirira, ina yakuda. Pakatikati penipeni panali dzino losongoka.

"Dzino la ndani limeneli?" anafunsa amalume monong'ona.

"La shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja zikuluzikulu. Linagwera pansi pa nyanja, n'kukhala phata la mwalawu. M'madzi a m'nyanja muli chitsulo ndi chinzake chotchedwa manganizi, zosungunuka, zochepa kwambiri. Zikakumana ndi okosijeni zimasanduka ngati dzimbiri, n'kumamatirira pa chilichonse cholimba. Zina zimatsika ndi madzi a pamwamba, zina zimakwera kuchokera m'matope. Mizere yofiirayi ndi ya chitsulo chambiri, yakudayi ndi ya manganizi. Dzimbirilo limakokanso zitsulo zina monga mkuwa, nikele ndi kobati."

"Ndiye kuti pafike apa pamatenga zaka zingati?"

"Kuti pakwane kuchindikala kwa chikhadabo chanu, mwina zaka miliyoni."

Amalume anazimitsa makina. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulemba pamiyala chaka chobadwa ndi chaka chomwalira, osadutsa zaka zana pakati pake, anavula chipewa. Anazindikira kuti dzanja lake langodutsa m'zaka zimene kunja kuno kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Ine ndemwe ndikaganizira zimenezi tsitsi limandiima.

"Koma mwanawe, sindikumvetsa," anatero. "Pansi pa nyanjapo sipagwa matope?"

"Amagwa, amalume, ndipo amachuluka msanga kuposa mmene mwalawu umakulira, mwina ka chikwi."

"Nanga sunakwiririke bwanji?"

"Akatswiri amaganiza kuti ndi tizilombo ta pansipo, tinyongolotsi ndi tinkhanu. Pofuna chakudya timaukankha, kuutembenuza, kudya matope oukuta. Tizilomboto sitidziwa n'komwe kuti tikuupulumutsa."

Atanena zimenezi anawayang'ana amalume ake. Anakumbukira m'mawa uliwonse umene amalumewo ankamugogodera kuti adzuke, chonsecho iye akufuna kungofunda kumutu.

Pa kafukufuku uja mtsikanayo anakhoza, ndipo lero amakwera sitima zofufuza pansi pa nyanja. Tsiku lolandira digiri amalume analira poyera, n'kumanamizira fumbi.

Inu amene mukuwerenga, mwina mavuto akukugwerani msanga kuposa mmene mukukulira. Anzanu anapita kutali, inu mukadali pomwe paja, ndipo mukuona ngati palibe chikusintha. Chikusintha, kungoti maso sangachione lero. Wina akabwera kudzakugwedezani, ngakhale mwaukali, musamuthamangitse. Ndipo ngati pafupi nanu pali wina amene matope ayamba kumukuta, pitani mukamutembenuze lero lomwe.

Mtima wokhawo musautaye. Simunakwiririke.