Alamu Anga Sataya Mawu Ouma

Alamu anga, akulu awo a bambo a mwana, anthu amawatchula kuti a Chimakutu. Kale ankakonza mawailesi. Masiku ano amajambula nyimbo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo, momwe anakhomerera matiresi akale m'makoma kuti phokoso la panja lisalowe. Salankhula zambiri. Akavala mahedifoni, ngakhale akazi awo amachita kuwagwedeza phewa.

Amayi anga atasiya kuona, anandipempha chinthu chimodzi: ndiwajambulire nyimbo yomwe ndinkaimba pochapa ndili mtsikana, kuti azimvera pa foni. Ndinapita kwa alamu mwana ali kumsana.

Nditamva mawu anga akutuluka m'sipika, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kupuma kwanga konse kunkamveka, ngakhalenso pomwe mpweya unandithera. Alamu anatsegula kabokosi pa kompyuta n'kukweza pang'ono rivebu, chija chimachititsa mawu kumveka ngati ukuimbira m'holo. Mawu anafewa.

"Onjezerani, alamu."

"Yakwana, mlamu. Rivebu ndi perefyumu, si kusamba ayi."

"Mukundimana chifukwa sindine wa pa wailesi eti?"

Anangoseka, n'kutuluka kukayankha foni. Ine ndinagwira mausi, n'kukokera kamzere ka rivebu mpaka kumapeto. Atabwera anamvetsera, n'kundifunsa, "Mwaikonda chonchi?" Ndinati eya.

Lamlungu tinapita kwa amayi, alamu nawo anabwera kudzawazonda. Amayi anaika foni pakhutu, nkhope n'kukwinyika.

"Ndani ameneyu akuimbira m'chitsimeyu? Ine ndimafuna mwana wanga."

Pakamwa panga panathamanga. "Ndi alamuwa, amayi. Makina awo aononga."

Alamu anali pampando pafupi ndi chitseko. Anayang'ana nsapato zawo, n'kunena kuti, "Pepani amayi, tikonza."

Masiku atatu ndinkalambalala nyumba yawo popita kumsika. Lachinayi ndinalimba mtima, ndinakagogoda.

"Alamu, ndinakunamizirani."

"Khalani pansi kaye, mwanayo wakulemerani."

Anatsegula nyimbo ija pa kompyuta n'kuzimitsa rivebu yonse. Mawu anga anali pomwepo, osapakidwa kanthu.

"Mawu ouma ine sinditaya," anatero. "Aliyense wolowa muno amathawa mawu ake. Ena amadzawafunanso."

Anaikamo pang'ono pokha, ngati munthu akuimba m'bafa chitseko chili chotsegula. Ndinapempha kuti adule paja mpweya unandithera. Anapukusa mutu, ndipo ulendo uno manja anga ndinawasunga pa mwana.

Nditawapititsira amayi, anaimvera kawiri, chala chikugunda pa bondo.

"Eyaa, uyu ndiye wanga. Mpaka lero mpweya umakuthera pomwe paja!"

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. "Amayi, tsiku lija sanali alamu. Ndinaononga ndine."

"Ndinadziwa," anatero, akufufuza mutu wanga ndi dzanja. "Wolakwa sapepesa msanga chonchija. Iwowo wawauza?"

"Ndawauza."

"Basi, ndiikirenso."