Chisanu Chimene Manambala Anandithera pa Njerwa

Fungo la matope opondedwa kumene limandibwezerabe ku Zemba, m'nyengo yachisanu ija imene tinkaumba njerwa za nyumba yathu. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, mphepo ikuuluza makoko pabwalo. M'mawa uliwonse amalume ankapita kuchulu cha kuseri kwa khola atanyamula chikombole, amayi akutunga madzi kudambo. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkaponda matope mpaka zala za kumapazi kuchita dzanzi.

Ndinali m'giredi faifi, ndipo ndinkagona pamphasa imodzi ndi tialongo tanga tiwiri, akatswiri okodza pogona. Kuyanika bulangete tsiku ndi tsiku kunandikwana. Amalume anandilonjeza kuti, "Tisa, njerwa zikakwana zikwi zinayi, chipinda chako chilipo. Zikachepa, uzigonabe ndi anyamata akowa."

Teremu yomweyo aphunzitsi anatiphunzitsa manambala a Aroma, ine n'kupenga nawo. I ndi chimodzi, V zisanu, X khumi, L makumi asanu, C zana, D mazana asanu, M chikwi. Chaching'ono chikatsatira chachikulu umaphatikiza, chikatsogola umachotsera, ndipo chilembo sichindondozana kupitirira katatu. Ndiye madzulo ndinkawerenga njerwa zoyalidwa padzuwa, n'kulemba nambala ndi kamtengo m'mbali mwa njerwa yomaliza ya mzere uliwonse isanaume. Ena anali manambala aatali moti ankakhota pakona ya njerwa. Amayi ankati ndi mapazi a nkhuku, koma ine ndinkanyada nawo koopsa.

Tsiku lina njerwa zitapitirira zikwi zitatu, ndinayesa kulemba pamchenga manambala otsalawo. Ndinafika pa MMMCMXCIX, ndiye kuti 3,999, n'kungoti kakasi. M anayi ngoletsedwa, ndipo chilembo cha zikwi zisanu choti ndichotserepo panalibe. Manambala atha! M'mutu mwanga njerwa yopanda nambala sinali yowerengedwa, basi Aroma andimana chipinda chifukwa cha njerwa imodzi yokha. Ndinalira chokweza, mamina ali chuchuchu. Amalume anaseka mpaka kutula chikombole pansi. "Aroma akowo anaumbako njerwa kuno?" Koma ine sindinatonthole.

Lolemba ndinadikira aphunzitsi pakhomo la kalasi n'kuwadandaulira zonse, za bulangete zomwe. Anagwira pakamwa kubisa chiseko, kenaka anatola kamtengo n'kulemba V padothi, n'kujambula kamzere pamwamba pake. "Kamzere aka kamachulukitsa nambala ndi chikwi. Izi tsopano ndi zikwi zisanu." IV wokhala ndi kamzere anali zikwi zinayi, M wokhala ndi kamzere anali miliyoni yathunthu. Nditafunsa za kupitirira apo anati, "Kaumbe kaye miliyoniyo, ubwere."

Ndinathamanga njira yonse osaimako n'pamtengo wa masuku pomwe. Tsiku limene njerwa ya zikwi zinayi inatuluka m'chikombole, ndinalembapo IV mosamala, n'kukoka kamzere kaja lilime lili panja. Tinamanga uvuni, utsi unadzaza mudzi wonse, ife ana tikuotcha mbatata m'makala n'kumapsa nazo milomo. Mvula yoyamba inandipeza m'chipinda changachanga, chonunkha njerwa zatsopano, pamphasa youma gwa. Njerwa ija amalume anaiika pamwamba pa chitseko, ndipo pomata khoma anaisiya poyera.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti kamzere kaja ndiko kanandipatsa chipinda. Ndinadzamva nditakula kuti njerwa yoyamba isanaumbidwe n'komwe, amayi anali atauza kale amalume kuti mwana wamkazi akukula, ndipo chipinda chake chisasowe, olo pabalaza pachepe. Za zikwi zinayizo amalume anangopeka kuti ndiponde matope mosanyinyirika. Pabalaza pathu ndi popanikiza mpaka lero, ndipo ndikapita ku Zemba ndimayamba ndakhudza njerwa ija ndisanalowe.