Zenera la pa boti la fayiba

Ababa, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. M'mawa uno ndimacheka fayiba, pulasitiki yolimba ija yopangira maboti, ndipo fumbi lake litayamba kundiyabwa m'mikono ndinakumbuka tsiku lija padoko ku Liwonde, tikuboola zenera pa kanyumba ka boti la thanga, loyendera mphepo, la bwana wina wa ku Balaka. Munatulutsa kasowo kanu ka mano ang'onoang'ono n'kunena kuti, "Fayiba safuna phuma, mwanangu. Uzithira madzi, uzicheka pang'onopang'ono." Ine, podzimva kuti ndaphunzira ntchito kusukulu, ndinakusekani pamaso pa asodzi. "Iyayi Ababa, zimenezo n'zachikale." Ndinayatsa gilayinda, makina ochekera amagetsi aja. Inathawa pamzere, khoma n'kung'aluka mpaka kudenga.

Mwini boti atafika n'kuyamba kukalipa, munavula kofia yanu. "Ndalakwitsa ndine, bwana. Manjawa akalamba." Asodzi onse anatembenukira kwa ine, koma ndinalola kuti mlanduwo ugwere inu. Munamata mng'aluwo masiku anayi, bwanayo sanakupatseninso ntchito, ndipo inu simunaitchulenso nkhaniyi. Ndinkangoti ndidzapepesa mawa. Bwana uja ngati akuwerenga kalatayi, adziwe kuti boti lake ndinaononga ndine. Pepani Ababa, ndachedwa nazo.