Ulusi wa Mrunal pa dzanja langa

Linali Lachiwiri, pa 11 July 2017. Panali ine, panali Tanaji wogulitsa tiyi, ndiye panafika mtsikana akukankha njinga yamoto yophwa tayala.

Anzanga, ine ndine Prashik Kamble. Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu. Ndimamata matayala pa geti la koleji ina kuno ku Pune.

"Achimwene, lingatheke pompano? Kalasi ikuyamba."

"Litheka. Khalani pa benchipo."

Anakhala n'kutulutsa chibuku chachikulu. Ndinamufunsa chomwe amaphunzira.

"Sociology."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Za anthu. Mmene amakhalira, ndani amadya ndi ndani, ndani amakwatira ndani."

"Zimenezo mpaka kulipira fizi?" anatero Tanaji. "Mungokhala pa benchipo sabata imodzi, mudziwa zonse ulere!"

Mtsikanayo anaseka mpaka kutsokomola. Anati dzina lake ndi Mrunal Deshpande. Dzina lokhalo linandiuza kuti kwawo ndi a mtundu wapamwamba. Langa linamuuza kuti kwathu ndife aja kale sankatilola kutunga pachitsime chimodzi ndi anthu ena.

Anayamba kumabwera ngakhale matayala ali bwinobwino.

Pofika October anasiya kunditchula achimwene. Ndinasanduka Prashik basi. Anafika kwathu, anakhala pansi, anadya chapati cha amayi anga ndi manja, n'kupempha china.

Lamlungu pa 3 December tinakwera kaphiri ka kuseri kwa koleji. Kumeneko anandigwira dzanja, lakuda ndi girisi momwemo.

"Za mitunduzi anazipanga ndi anthu, Prashik. Chomwe anthu anamanga, anthu omwewo atha kugwetsa. Ndinalemba choncho pa mayeso, ndinapeza 78."

Ndinamukhulupirira. Anali atawerenga mabuku ambiri, ine ayi.

Tanaji yekha ndiye sankagwirizana nazo.

"Aise, mabuku amenewo amathera pa geti pompano. Kunyumba kuli silabasi ina."

"Nsanje imeneyo, madala."

"Chabwino, pulofesa wa matayala."

Chomwe ndinkafuna chinali chimodzi: kuti kwawo kwa Mrunal andidziwe ngati mwamuna wodzamukwatira. Ndikafunsa ankati, "Dikira, mayeso athe kaye."

Mu August 2018 anati, "Ubwere kwathu Lamlungu pa 26. Adadi ndawauza za iwe."

Ndinagula timaunyolo tasiliva tovala m'miyendo, tija timalira munthu akamayenda. Ndinati ndidzamupatsa makolo akavomera. Ndinkadziwa kuti 26 ndi tsiku la rakhi, tsiku lija atsikana amamanga ulusi pa dzanja la alongo awo. Koma ine ndilibe mlongo, ndiye tsikulo silinandiuze kanthu.

Anandilandira bwino. Bambo ake anandipatsa mpando wa pafupi ndi iwo. Tiyi anandithirira m'kapu yofanana ndi yawo. Ndinayang'anitsitsa.

"Ife pakhomo pano za mitundu sitiyang'ana, mwana wanga," anatero. "Mrunal amatiphunzitsa tsiku ndi tsiku, mpaka makutu kuwawa."

Azakhali awiri amene analipo anaseka.

Kenako mayi ake anatulukira ndi mbale. Munali kanyali koyaka, maswiti, ndi ulusi wofiira.

"Mwana wathuyu anabadwa yekha," anatero. "Lero Mulungu wamupatsa mlongo."

Mrunal anaima patsogolo panga. Sanandiyang'ane m'maso.

"Bweretsani dzanja... achimwene."

Anzanga, ulusi umenewo sukanidwa pamaso pa akuluakulu. Ndipo mtsikana akakumanga, ndi mlongo wako mpaka imfa.

Ndinapereka dzanja. Anamanga mfundo ziwiri, n'kundiika switi m'kamwa.

Mwambo umati womangidwayo apereke mphatso. M'thumba munali timaunyolo tija tokha. Ndinapereka.

"Eee, siliva!" anakuwa azakhali ena. "Achimwene ake owolowa manja bwanji!"

Mrunal anandiperekeza mpaka pa geti.

"Mrunal, nanga zija za 78 zija?"

"Zija n'zoona. Koma amayi anasiya kudya masiku atatu. BP yawo..."

"Ukanangondiuza."

"Ndikanakuuza sukanabwera."

Ndinakwera basi.

M'mawa mwake Tanaji anaona dzanja langa. Anandithirira tiyi, ndalama anakana.

Ulusiwo saudula, umachoka wokha. Wanga unaduka pa 9 October, ndikuchotsa tayala la njinga ya mphunzitsi wina.

Mrunal anamaliza digiri yake. Kenako mu January 2020 bambo ake anabwera okha pa geti kudzandiitana ku ukwati. Mkwati anali Ameya Kulkarni, wa mtundu wawo, nayenso wophunzira Sociology yomweyo.

"Usalephere, mwana wanga. Wopotokola khutu ndiwe."

Paukwati wa kuno, mlongo wa mkwatibwi amapotokola khutu la mkwati, kumuchenjeza kuti amusamale.

"Usapite, aise," anatero Tanaji. "Kapena upite, ulizule!"

Ndinapita, Lamlungu pa 16 February. Nthawi itakwana anandikankhira kutsogolo. Ndinagwira khutu la Ameya, lofewa ngati la mwana, n'kupotokola pang'ono chabe.

"Mumusamale."

"Osadandaula, alamu," anatero akuseka. Anandipatsa nsalu ya shati. Anthu anaomba m'manja.

Pomwe awiriwo ankazungulira moto monga mwa mwambo, ndinamva timaunyolo tija tikulira pansi pa chovala cha Mrunal. Ndinatizindikira. Kamodzi kanali ndi belu losalira bwino, n'chifukwa chake wogulitsa ananditsitsira mtengo.

Sindimuda. Mwina zomwe analemba pa mayeso n'zoonadi.

Kungoti, anzanga, munthu akakuuzani kuti khoma litha kugwa, muyambe mwaona mbali imene iye amagona.

Nsalu ija sindinasoketse. Ndimapukutira manja.